Azitona kapena olivi? Ulendo wa mayina awiri a mtengo umodzi

Pa mphakati kapena pa msonkhano wa amayi a Chigwirizano, zimachitika kuti wina akawerenga Luka 22:39 amati Yesu anapita ku Phiri la Azitona, pomwe mnzake amene wakhala naye pa mkeka womwewo m'Baibulo lake mwalembedwa Phiri la Olivi. Wachitatu atha kutulutsa lake lonena kuti Phiri la Maolivi. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, limati azitona. Buku Loyera la mu 1998 limati olivi. Masiku ano chisokonezochi chatulukanso m'tchalitchi n'kulowa m'sitolo, chifukwa mafuta a mtengowu akugulidwa ndi ophika, odzola kumutu komanso ofuna kudzoza odwala, ndipo ambiri amafunsa ngati mafuta a m'botolo lolembedwa olive ali omwe aja a azitona otchulidwa m'Malemba.

Ndi omwewo. Mtengo ndi umodzi, ndipo akatswiri a zomera amautcha Olea europaea. Mayina ndiwo awiri, chifukwa anachokera m'zilankhulo za mabanja awiri osiyana a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, lililonse n'kuyenda njira yake kwa zaka zikwizikwi, mpaka onse anadzapezana m'Chichewa.

Mtengo wake ndi wotani

Ndi mtengo wosatalika kwambiri, wa masamba ang'onoang'ono obiriwira motuwa amene sayoyoka chaka chonse, ndipo umatha kukhala zaka mazana ambiri ukubalabe. Chipatso chake n'chaching'ono, cha nthanga imodzi yolimba. Chikakhala chosapsa chimabiriwira, chikamapsa chimada, kotero azitona obiriwira ndi akuda amene mumawaona m'mabotolo ndi chipatso chimodzi chothyoledwa nthawi zosiyana. Chongothyola kumene sichidyeka chifukwa cha kuwawa; amayamba achiviika m'madzi amchere kwa masabata angapo. Mtengowu umafuna dzinja lozizira lamvula ndi chilimwe chotentha chouma, n'chifukwa chake kum'mwera kwa Africa kuno minda yake yambiri ili ku Western Cape, osati kwathu kumene mvula imagwa nyengo yotentha.

Anthu anayamba kuulima zaka pafupifupi 6,000 zapitazo kum'mawa kwa Mediterranean, dera limene lero kuli Syria, Lebanon, Israel, Palestine ndi Jordan. Pa malo otchedwa Kfar Samir, amene tsopano ali pansi pa nyanja pafupi ndi mzinda wa Haifa, ofukula zakale anapeza nthanga zambirimbiri zophwanyidwa, umboni woti anthu ankafinya kale mafuta zaka zoposa 6,000 zapitazo.

Kuti timvetse mbiri ya mayinawa, mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: kwa anthu a kumeneko, kunena mafuta kunali kunena mafuta a mtengo umenewu. Ankaphikira, kuyatsira nyale, kudzola, kupaka pa mabala ndiponso kudzozera mafumu ndi ansembe. Choncho dzina la mtengo ndi dzina la mafuta zinamera pa muzu umodzi, ndipo m'madera ambiri kumene dzina la chipatso linapita, la mafuta linali pambuyo pake.

Njira yoyamba: kuchoka ku zayt kufika ku azitona

Chiheberi, Chiaramu ndi Chiarabu ndi zilankhulo zapachibale. M'Chiheberi mtengowu ndi chipatso chake amati zayit. M'Chiarabu mafuta ndi zayt, zipatso ndi zaytun, ndipo chipatso chimodzi ndi zaytuna. Chiheberi chili ndi mawu ena a mafuta, shemen, amene timawatchula osadziwa tikamanena Getsemane: dzinali limachokera ku gat shemanim, kutanthauza mofinyira mafuta. Munda umene Yesu anapemphera unali m'munsi mwa Phiri la Azitona, ndipo dzina lake likunena ntchito imene inkachitika pamalopo.

Amene anafalitsa kwambiri mawuwa ndi Aarabu, kudzera m'malonda ndi chipembedzo cha Chisilamu. Sura 95 ya Korani imayamba ndi kulumbirira mkuyu ndi mtengo umenewu, ndipo Sura 24 imatchula nyale yoyaka ndi mafuta a mtengo wodalitsika wa zaytuna. Kumene Chiarabu chinafika, dzinali linatsala: ku Turkey amati zeytin, ku Iran zeytun, ku Pakistan ndi ku Indonesia zaitun, Ahausa a ku Nigeria zaitun. Aswahili amati zeituni pa chipatso ndi mzeituni pa mtengo, ndipo Baibulo lawo limati Mlima wa Mizeituni. Dzina la amayi loti Zaituni, lofala pakati pa Asilamu a kum'mawa kwa Africa, ndi mawu omwewa.

Munthu angaganize kuti ifenso tinatengera kwa Aswahili, popeza amalonda awo ankafika ku Nkhotakota ndi ku Karonga. Koma tayang'anani mawu athu. Aswahili alibe a kumayambiriro, ife tili naye. A ameneyu ndiye akutisonyeza njira imene mawuwa anadzera.

Mu 711 asilikali achisilamu otsogoleredwa ndi Tariq ibn Ziyad anawoloka nyanja kuchoka kumpoto kwa Africa n'kulowa m'dziko limene lero ndi Spain ndi Portugal. Ulamuliro wawo unatha mu 1249 ku Portugal ndi mu 1492 ku Spain pamene mzinda wa Granada unagwa, kotero kwa zaka mazana ambiri Chiarabu chinkamveka m'misika ndi m'minda ya kumeneko. M'Chiarabu muli kamawu kakuti al kamene kamaikidwa kutsogolo kwa dzina posonyeza chinthu chodziwika kale. Dzinalo likayamba ndi zilembo zina monga z, s kapena r, l uja amamezedwa, ndipo chilembo chotsatira chimamveka kawiri. Choncho al ndi zayt zimatchulidwa az-zayt, al ndi zaytuna n'kukhala az-zaytuna. Anthu a ku Spain ndi Portugal ankangomva mawu athunthu pa msika, osadziwa kuti a wakutsogoloyo ndi wapadera, ndipo anatenga zonse pamodzi. Az-zayt anasanduka azeite m'Chipwitikizi ndi aceite m'Chisipanishi. Az-zaytuna anasanduka azeitona ndi aceituna. Zomwezi zinachitika ndi mpunga, umene Apwitikizi amati arroz kuchokera ku ar-ruzz, ndi shuga amene amati açúcar kuchokera ku as-sukkar. Shuga wathu alibe a chifukwa tinamutenga kwa Angerezi, amene mawuwa anawafika kudzera njira ina.

Kuchoka pa azeitona kufika pa azitona patsala phazi limodzi lokha. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi kuyambira m'zaka za m'ma 1530, ndipo ankachita malonda ndi Amaravi zaka mazana atatu amishoni a ku Scotland asanafike. Chilankhulo chathu chinatola mawu awo angapo: nsapato kuchokera ku sapato, kalata ku carta, mbatata ku batata, kapitawo ku capitão, malinyero ku marinheiro. Azitona ali m'gulu lomweli. Ndipo mawuwa anakhazikika mosavuta chifukwa khutu la Mchewa limamva a wakutsogolo ngati uja wa alendo, agalu kapena anyezi. Kamawu ka Chiarabu kamene Apwitikizi anakamata pa dzina mosadziwa kanadzagwira ntchito yatsopano kwathu kuno, ndipo palibe amene amaona kuti n'kachilendo.

Njira yachiwiri: kuchoka ku elaia kufika ku olivi, oyilo ndi petulo

Agiriki ankati elaia pa mtengo ndi chipatso, elaion pa mafuta. Mawuwa ndi akale kwambiri. Ku Knossos pa chilumba cha Crete ndi ku Pylos, kum'mwera kwa Greece, kunapezeka mapale adothi olembedwa pakati pa zaka 1400 ndi 1200 Khristu asanabadwe, m'kalembedwe kotchedwa Linear B. Kwa nthawi yaitali palibe amene ankatha kuwawerenga, mpaka Michael Ventris wa ku England anatulukira mu 1952 kuti ndi Chigiriki chakale. Ambiri mwa mapalewa ndi kaundula wa katundu wa kunyumba za mafumu, ndipo pa katunduyo pali e-ra-wa, mtengo, ndi e-ra-wo, mafuta. Kalembedweko sikankasiyanitsa l ndi r, kotero mawu enieni anali elaiwa ndi elaiwon. Pambuyo pake Agiriki anasiya kutchula w uja.

Koma Aroma anabwereka mawuwa w asanatayike. M'kamwa mwawo elaiwa anakhala oliva, amene poyamba ankatchulidwa ngati oliwa, ndipo elaiwon anakhala oleum. Choncho v amene ali mu olivi wathu ndi chotsalira cha phokoso limene eni ake Agiriki analitaya kalekale. Kuchoka ku Chilatini mawuwa analowa m'Chifalansa monga olive, Angerezi n'kuwatenga kwa Afalansa cha m'ma 1200. Omasulira Mabaibulo a Chichewa a m'zaka zaposachedwa ankalembera anthu amene anadziwa kale mawu a Chingereziwa kusukulu, n'chifukwa chake olivi. Ashona anachita chimodzimodzi ndipo amati Gomo reMiorivhi.

Mbali ya mafuta ndiyo inayenda ulendo wautali kuposa chipatso. Oleum anabala olio ku Italy, Öl ku Germany, olie ku Netherlands, huile ku France ndi oil ku England. H wa huile satchulidwa. Alembi akale anamuwonjezera chifukwa u ndi v ankalembedwa mofanana, ndipo popanda h mawuwa akanawerengedwa vile. Kumpoto kwa Ulaya mtengowu sumera, choncho mawuwa anayamba kutanthauza mafuta alionse amadzimadzi, a mbewu, a nsomba, kenaka ngakhale a pansi pa nthaka. Zili ngati mmene kolugeti anasiyira kukhala dzina la kampani imodzi n'kukhala dzina la mankhwala alionse otsukira mano.

Apa ndi pamene nkhaniyi imafika pa galaja. Oyilo amene makaniko amathira m'injini ndi oil wa Angerezi, mdzukulu wa oleum. Petulo amachokera ku petroleum, mawu amene anapangidwa polumikiza petra, thanthwe, ndi oleum: mafuta a m'thanthwe. Ngakhale Vaseline, dzina limene Robert Chesebrough anapatsa mafuta ake odzola mu 1872, limafotokozedwa kuti linapangidwa ndi Wasser, madzi m'Chijeremani, ndi elaion wa Agiriki. Woyendetsa minibasi amene sanaonepo mtengo wa azitona amatchula dzina lake tsiku lililonse pamene akudandaula za mtengo wa petulo.

Kumene njira ziwirizi zinakumana

Ku Spain ndi Portugal mayina onse awiri amakhala nyumba imodzi, ndipo anagawana ntchito. Mpwitikizi amati oliveira pa mtengo, azeitona pa chipatso, azeite pa mafuta ake, ndi óleo pa mafuta a mbewu zina. Msipanishi amati olivo pa mtengo ndi aceituna pa chipatso, ngakhale m'madera ena amati oliva.

Chifukwa chake chikuoneka m'mbiri ya ulimi. Mitengoyi inali kale kumeneko Aarabu asanabwere. M'nthawi ya Aroma kum'mwera kwa Spain kunkatumiza mafuta ochuluka zedi ku Rome, moti mumzindamo mpaka lero muli phiri lotchedwa Monte Testaccio, lotalika mamita pafupifupi 35, lopangidwa ndi zigoba za mitsuko mamiliyoni ambiri imene inkabwera ndi mafutawo. Mtengo unasunga dzina lake la Chilatini m'munda, pomwe zokolola zake, zimene zinkagulitsidwa pa misika yolankhula Chiarabu, zinatenga mayina atsopano.

Izi zili ndi phindu kwa amene amagula katundu wochokera ku Mozambique. Botolo lolembedwa azeite lokha ndi mafuta a azitona, pomwe lolembedwa óleo kawirikawiri ndi a soya, mpendadzuwa kapena mbewu zina. Ku Spain n'zosiyana: aceite anafutukuka n'kukhala mafuta alionse, ndi a galimoto omwe, choncho pofuna kunena za azitona amati aceite de oliva. M'mawu atatu amenewa muli Chiarabu kumayambiriro ndi Chigiriki kumapeto, zonse zikuloza mtengo umodzi.

Amene sanabwereke

Si onse anatenga limodzi la mayina awiriwa, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali phunziro lokoma kwa ife a mu Africa. Mtengo wa azitona uli ndi mbale wake wakutchire amene amamera kuyambira ku Ethiopia kutsika mpaka ku Cape. Zipatso zake n'zazing'ono ndipo mafuta ake ndi ochepa, koma akatswiri amauika mu mtundu womwewo wa Olea europaea. Azulu amautcha umnqumo, Axhosa umnquma. Omasulira Baibulo m'zilankhulo zimenezi sanabwereke kanthu: Mzulu amawerenga za iNtaba Yeminqumo, ndipo m'maganizo mwake mumabwera mtengo umene amaudziwa. Ku Ethiopia mtengowu ndi weyra, pomwe mafuta ndi zeyt, ndipo tauni ya Bishoftu inkatchedwanso Debre Zeyit, kutanthauza Phiri la Azitona. Aberiberi a kumpoto kwa Africa ali ndi dzina lawolawo, azemmur, limene likumveka m'dzina la mzinda wa Azemmour ku Morocco.

Anthu a ku Serbia, Croatia ndi Bulgaria anayenda chobwerera. M'malo motcha mafuta dzina la mtengo, anatcha mtengo dzina la mafuta: maslina amachokera ku maslo, mawu a pa muzu wotanthauza kupaka.

Ku China kunali kale chipatso china chofanana nacho maonekedwe, cha mtengo wosiyana kotheratu, chotchedwa ganlan. Azitona atafika anapatsidwa dzina lomwelo, n'kuwonjezera mawu oti mafuta pofuna kusiyanitsa. Masewera a rugby nawo amatchedwa mpira wa ganlan chifukwa cha mmene mpirawo unaumbidwira. Ku China komweko kuli doko la Quanzhou limene amalonda achiarabu ankalitcha Zaytun. Ibn Battuta, woyenda maulendo ataliatali wa ku Morocco, atafikako m'zaka za m'ma 1340 ananena kuti kulibe azitona. Dzinalo linachokera ku citong, mitengo ya maluwa ofiira imene inabzalidwa mozungulira mzindawo, ndipo Aarabu analimva ngati mawu a kwawo. Akatswiri ambiri amati dzina la nsalu yosalala ya satin linachokera ku dzina la doko limeneli.

Matanthauzo amene anamera pamwamba pa dzina

Tanthauzo lodziwika kwambiri ndi mtendere. Pa Genesis 8:11 nkhunda ya Nowa inabwerera ili ndi tsamba la azitona kukamwa. Chiheberi chimanena tsamba, koma Jerome pomasulira m'Chilatini cha m'ma 400 analemba nthambi, ndipo ojambula zithunzi a ku Ulaya anatsatira iye. Agiriki ndi Aroma nawo anali kale ndi mwambo woti munthu wopempha mtendere kapena chitetezo anyamule nthambi ya mtengowu, ndipo opambana pa masewera a ku Olympia ankavekedwa nkhata ya masamba a azitona akutchire. Miyambo iwiriyi inalukana, n'chifukwa chake Mngerezi akati wapereka nthambi ya olive amatanthauza kuti akufuna kuyanjana, ndipo mbendera ya United Nations ili ndi nthambi ziwiri zozungulira mapu a dziko.

M'zilankhulo zambiri za ku Ulaya mawuwa ndi dzinanso la mtundu, kubiriwira kodera kumene kumaoneka pa yunifolomu za asilikali. Alinso m'mayina a anthu monga Olive ndi Olivia, komanso Oliveira, dzina la banja lofala ku Portugal, Brazil ndi Mozambique.

Pali kufanana kumodzi kumene kumasokoneza anthu. M'Chigiriki chifundo ndi eleos, mawu amene ali mu pemphero la Kyrie eleison, Ambuye mutichitire chifundo. Amamveka pafupi kwambiri ndi elaion, ndipo alaliki akale a Chigiriki ankakonda kulumikiza awiriwa, makamaka pa nkhani ya Msamariya amene anathira mafuta pa mabala a munthu wovulazidwa. Ndi ulaliki wogwira mtima, koma akatswiri a zilankhulo amawaona ngati mawu awiri osiyana. Momwemonso Mesiya ndi Khristu, amene onse amatanthauza wodzozedwa, sachokera ku dzina la mtengowu. Amachokera ku mneni wa kudzoza m'Chiheberi ndi m'Chigiriki, ngakhale mafuta odzozerawo anali a azitona.

Chimene womasulira amapindula ndi chimene amataya

Wofuna kutchula mtengo umene anthu ake saulima ali ndi njira zitatu, ndipo zonse taziona. Atha kugwiritsa mawu obwereka akale amene anazolowereka, monga azitona. Atha kutenga mawu a chilankhulo cha kusukulu, monga olivi. Kapena atha kupeza mtengo wa kwawo wapachibale, monga anachitira Azulu. Azitona amamveka ngati Chichewa chenicheni kwa amene anakula akuwamva m'nyimbo ndi pa guwa, koma wachinyamata sangawalumikize msanga ndi botolo la m'sitolo. Olivi amalumikizana ndi botololo komanso ndi mabuku a kusukulu, koma kwa agogo amamveka achilendo. Palibe mwa awiriwa amene anabadwira kuno: limodzi ndi Chiarabu chodzera kwa Apwitikizi, linalo ndi Chigiriki chodzera kwa Aroma, Afalansa ndi Angerezi.

Vuto la mawu onse awiri n'lakuti sabweretsa mtengo m'maso mwa wowerenga, ndipo pali ndime zimene zimafuna kuti munthu audziwe. Pa Aroma 11 Paulo akunena za nthambi ya mtengo wakutchire yolumikizidwa pa mtengo wolimidwa, ndipo pa vesi 24 akuti zimenezi n'zosemphana ndi chibadwa. Chigiriki chake chili ndi mawu awiri, agrielaios wakutchire ndi kallielaios wabwino, monga Apwitikizi amasiyanitsira zambujeiro ndi oliveira. Alimi a azitona a m'nthawiyo ankachita mosiyana ndi zimene Paulo akunena: ankatenga tsinde la wakutchire, lomwe ndi lolimba ndi lopirira chilala, n'kulumikizapo nthambi ya mtengo wobala bwino, chifukwa nthanga ya azitona ikangobzalidwa nthawi zambiri imatulutsa mtengo wa zipatso zazing'ono zosafanana ndi za mayi wake. Paulo anatembenuza dala ntchito imene omvera ake a ku Rome ankaidziwa, kuti amve kuti iwo, anthu a mitundu ina, ndiwo nthambi yakutchire imene yaikidwa pa tsinde la eni munda.